Kodi ndi njala yeniyeni kapena nkhuli chabe? Funso la odya zosaphika

Nachisale:
Moni nonse pagulu pano. Pali funso limene limabwerabwera kwa anthu amene angoyamba kudya zosaphika zokhazokha, ndiye ndati tilikambirane poyera. Munthu wadya mbale yodzaza ndi kabichi, tomato, nkhaka ndi karoti mpaka kumasula lamba. Ola limodzi ndi theka lisanathe, maganizo onse ali pa mandasi, tchipisi kapena nsima yotentha. Kodi imeneyi ndi njala, kapena ndi nkhuli yofunika kungoipirira? Malangizo ofala amati ngati sukufuna chipatso china ndiye kuti si njala. Muyeso umenewu ndi wodalirika?

Mbewe:
Achemwali a Nachisale, muyeso umenewo umathandiza munthu amene akudya zophika ndipo thupi lake likupeza mphamvu zokwanira. Kwa wodya zaziwisi umanamiza kawirikawiri, chifukwa kukhuta kuli pawiri. Pali kukhuta kwa chifu: chikatambasuka, mitsempha imauza ubongo kuti malo atha. Ndiye pali kukhuta kwa thupi, kumene kumabwera mafuta, mapulotini ndi mphamvu zikafika m'matumbo ndi m'magazi. Nsima ndi nyemba zimabweretsa zonse ziwiri nthawi imodzi, n'chifukwa chake sitinazolowere kuzisiyanitsa. Masamba ndi zipatso zamadzimadzi zimabweretsa koyambako kokha.

Onani makalori, ndiwo muyeso wa mphamvu za m'chakudya, a magalamu 100 a chilichonse: nkhaka 15, tomato 18, kabichi 25, chivwende 30, karoti 41, papaya 43, mango 60, nthochi yosenda 89. Ufa wa chimanga uli ndi pafupifupi 360. Nsima yophikidwa ndi ufa wa magalamu 150 ndi makalori 540. Kuti mupeze 540 yomweyo mu kabichi, mutafune makilogalamu awiri ndi kuposerapo. Mu mango, magalamu 900 a mnofu wokhawokha, mutachotsa khungu ndi nthangala.

Ndiye munthu uja akakana chipatso china, sikuti alibe njala. M'mimba mwadzaza madzi ndi zotsalira za masamba, nsagwada zatopa, ndipo thupi likupempha chinthu chaching'ono koma cholemera. Mandasi akubwera m'mutu chifukwa ndi ufa ndi mafuta.

Tiyamike:
Zoona a Mbewe, koma tisafike ponena kuti nkhuli kulibe. Ilipo, ndipo ili ndi nkhope yakeyake. Njala imabwera pang'onopang'ono, imayambira m'mimba, imakula ukaisiya, ndipo imabwera ndi kufooka, kuyasamula, kupsa mtima msanga ndi kulephera kuika maganizo pa ntchito. Nkhuli imagwa mwadzidzidzi, imakhala pakamwa ndi m'maso, ndipo imatchula dzina la chinthu chimodzi. Taganizani munthu wotsika minibasi pa depoti cha m'ma 4 koloko. Mphindi ziwiri zapitazo sanali kuganiza za chakudya. Wamva fungo la mafuta pa chiwaya, waona wogulitsa akuwaza mchere ndi tsabola pa tchipisi m'kajumbo, malovu adzaza m'kamwa. Ameneyo chamudzutsa ndi mphuno. Akapitirira n'kukhota ngodya ziwiri, chilakolako chija chimayamba kuzirala.

Palinso ya chizolowezi. Chifu chimatulutsa homoni yotchedwa ghrelin, imene akatswiri a ku Japan anaitulukira mu 1999. Imakwera nthawi ya chakudya imene thupi linazolowera ikamayandikira, kenako imatsika. Amene kwa zaka zambiri amamwa tiyi ndi sikono 10 koloko adzamva m'mimba mukulira 10 koloko ngakhale atadya bwino 8 koloko. Nthawi zodyera zikasintha n'kukhazikika, nayonso imatsatira.

Mbewe:
Sindikutsutsa. Ndikungoti zizindikiro zimenezo muziwerenge mutatsimikiza kaye kuti chakudya cha tsiku chikukwana. Munthu amene akupereweza makalori 1,000 tsiku lililonse, mphuno yake imakhala yakuthwa kuposa ya galu. Fungo la pa chiwaya limamugwira chifukwa njala inalipo kale pansi.

Nabanda:
Apa ndiye pali poyambira. Musanayambe kumvetsera thupi, werengani kaye kwa masiku atatu, awiri a ntchito ndi limodzi lopuma. Pezani sikelo ya kukhitchini, yezani chilichonse mutasenda, lembani kulemera kwake ndi nthawi. Kuyerekeza ndi maso kumasocheretsa, makamaka pa nthochi, chifukwa tinthochi ta sukari titatu tikhoza kulemera ngati nthochi yaikulu imodzi ndi theka.

Nali tsiku la munthu wongoyamba kumene, momwe limakhalira kawirikawiri. M'mawa papaya magalamu 300 ndi nthochi zazikulu ziwiri, makalori pafupifupi 340. Masana kabichi magalamu 200, tomato awiri ndi karoti mmodzi wamkulu, pafupifupi 135. Cha m'ma 3 koloko mango awiri, mnofu magalamu 300, ndiye 180. Madzulo masamba enanso ndi chivwende magalamu 400, pafupifupi 270. Zonse pamodzi ndi makalori 900 ndi pang'ono, pomwe zakudyazo zapitirira makilogalamu awiri. Mapulotini sakufika ngakhale magalamu 20.

Mayi wolemera makilogalamu 60 wogwira ntchito wamba amafuna makalori pafupifupi 2,000 ndi mapulotini osachepera magalamu 48, powerengera magalamu 0.8 pa kilogalamu iliyonse ya thupi. Ndiye munthu uyu akudya theka, koma akudziimba mlandu kuti ndi wadyera. Zikatuluka chonchi papepala, funso la nkhuli lisiyeni kaye. Onjezerani peyala la mnofu wa magalamu 200, ndiwo makalori 320. Mtedza magalamu 80, makalori 450 ndi mapulotini magalamu 20. Chitowe chosinja masupuni aakulu awiri, makalori 100. Nthochi zina magalamu 300, makalori 270. Mwafika pa 2,000, ndipo mapulotini ayandikira 45. Chitani zimenezi sabata yathunthu. Zilakolako zimene zidzatsale pamenepo ndiye tingazitche nkhuli.

Nachisale:
A Nabanda, mafuta ndi mtedzawo kudyera limodzi madzulo kapena kugawa?

Nabanda:
Kugawa. Zipatso pazokha zimachoka m'chifu msanga, n'chifukwa chake chakudya cha m'mawa cha papaya yekha chimatha mphamvu 10 koloko isanakwane. Mafuta ndi mapulotini akafika m'matumbo amachedwetsa chifu kutulutsa chakudya, ndipo amadzutsa mahomoni ouza ubongo kuti zakwana. Choncho theka la peyala ndi kadzanja ka mtedza m'mawa, theka linalo masana, chitowe pa masamba madzulo. Kadzanja kamodzi ka mtedza wosenda ndi magalamu 25 mpaka 30. Komanso musaumirire kudya katatu ngati wodya nsima. Pa zaziwisi, kanayi kapena kasanu ndi zabwinobwino.

Kondwani:
Ine ndimamva kuti thupi limalakalaka chimene likusowa. Ukafuna chokoleti ndiye kuti magnesium wachepa, ukafuna nyama ndiye ayironi, ukafuna zotsekemera ndiye chakuti. Timatchati timeneti tili ponseponse pa Facebook ndi WhatsApp. Sitingangotsatira timeneto?

Mwale:
Achimwene a Kondwani, timatchati timeneto tisiyeni. Nthanga za maungu zili ndi magnesium wambiri, koma simudzamva munthu akudzuka usiku kuzisaka. Chokoleti chimafunidwa chifukwa cha shuga ndi mafuta osungunuka pa lilime. Pali zilakolako zochepa chabe zimene zimalozadi chosowa, ndipo ndi zimene tiyenera kuzidziwa.

Choyamba ndi kulakalaka dothi, dongo, makala, kapena kutafuna madzi oundana a mufiriji. Tonse tikudziwa amayi oyembekezera ogula dothi pamsika kapena kuswa la pachulu. Chilakolako chimenechi chimayenda kwambiri ndi kuchepa kwa ayironi m'thupi. Wodya zomera zaziwisi akachimva, apite akayezetse magazi, asachipirire. Bungwe la WHO limati magazi achepa hemoglobin, yonyamula mpweya m'magazi, ikatsika pansi pa 12 kwa amayi, 11 kwa oyembekezera, ndi 13 kwa abambo. Ngati n'kotheka ayezetsenso ferritin, yosonyeza ayironi wosungidwa m'thupi, chifukwa nkhokwe ya ayironi imayamba kutha hemoglobin isanatsike. Ayironi wa m'zomera amalowa movutikira. Vitamini C amamuthandiza, ndiye masamba obiriwira ndi nthanga muzidyera limodzi ndi gwafa, ndimu kapena malambe, ndipo tiyi akhale kutali ndi nthawi ya chakudya.

Chachiwiri ndi mchere. Zipatso ndi masamba zili ndi sodium wochepa kwambiri, ndipo ambiri akasiya zophika amasiyiratu ndi mchere womwe. Mu Okutobala, munthu akutuluka thukuta tsiku lonse ndi kumwa madzi malita atatu, amayamba kumva mutu, chizungulire akaimirira, ndi kukokana kwa minofu ya m'miyendo, kwinaku akulakalaka tchipisi kapena usipa. Chimene akusaka mu tchipisimo ndi mchere. Awaze pang'ono pa tomato kapena peyala aone ngati chilakolako sichitha. Malire a WHO ndi osapitirira magalamu 5 patsiku, pafupifupi kasupuni ka tiyi kamodzi, ndipo wodya zaziwisi amakhala kutali ndi malirewo pokhapokha atachita kuthira dala. Ukhale mchere wa ayodini. Kusiya mchere wa m'paketi n'kumadya kabichi wambiri wosaphika ndi njira yoitanira chithokomiro.

Chachitatu ndi nkhuli yeniyeni ya makolo athu, ya nyama, mazira kapena nsomba. Imeneyi ikhoza kutsatira kuchepa kwa mapulotini. Akatswiri awiri, Stephen Simpson ndi David Raubenheimer, anafotokoza mu 2005 ganizo lakuti thupi limapitiriza kufuna chakudya mpaka litapeza mapulotini okwanira. Pa zakudya za zipatso zokhazokha, zimenezi zikutanthauza kudya tsiku lonse koma osamva kuti wadya.

Tiyamike:
Kwa amene awerenga kale n'kupeza kuti chakudya chikukwana, nayi ndondomeko ya pamene chilakolako chagwa. Yang'anani wotchi. Ngati papita maola atatu kapena anayi chidyereni, kapena awiri ngati munadya zipatso zokha, idyani, musafunsenso zambiri. Ngati papita nthawi yochepa, imwani kapu ya madzi, chokani pamalo pamene chilakolako chakupezani, gwirani ntchito ina ya manja kwa mphindi 15 kapena 20. Chikazirala, chinali cha fungo, cha maso kapena cha kusowa chochita. Chikakula, kapena m'mimba mukayamba kuluma, yesani ndi chakudya cholemera, osati ndi chipatso chamadzi. Dzifunseni ngati mungadye theka la peyala lowaza mchere ndi kadzanja ka mtedza. Mukati inde, ndi njala, idyani. Mukati ayi, ndikufuna sikono basi, ndiye ndi nkhuli. Lembani nthawi, malo ndi momwe mtima unalili. Pakutha pa sabata mudzaona kuti zambiri zikugwa ola limodzimodzi kapena pambuyo pa chinthu chimodzimodzi, monga mkangano kapena kukhala nthawi yaitali pa foni.

Mayi a Dalitso:
Ndiike chenjezo pa mphindi 20 zodikirazo. Aliyense wa matenda a shuga amene akubaya insulin kapena kumwa mapiritsi a glibenclamide asadikire ngakhale mphindi imodzi. Njala yobwera ndi kunjenjemera, thukuta lozizira, mtima kuthamanga ndi kusaona bwino ndi shuga wotsika. Pa makina oyezera shuga ndi pansi pa 3.9 mmol/L. Amwe msanga shuga masupuni a tiyi atatu kapena anayi osungunula m'madzi, ndiwo magalamu 15, ayezenso pakatha mphindi 15, abwereze ngati sanakwere. Ndipo munthu wotere asasinthe kadyedwe asanakambirane ndi a chipatala za mlingo wa mankhwala, chifukwa mlingo umene unayezedwa pa nsima ukhoza kumugwetsa pa kabichi. Ana, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, odwala TB ndi amene anadwalapo vuto lodzimana chakudya, nkhani yosiyanitsa njala ndi nkhuliyi si yawo. Akamva njala adye, ndipo zosaphika zokhazokha asaziyambe n'komwe.

Mwale:
Mayi a Dalitso anena bwino. Ndionjezere umboni wa chifukwa chimene tikukakamira kuti njala ya odya zaziwisi isamanyozedwe. Ku yunivesite ya Giessen ku Germany anafufuza anthu oposa 500 amene anakhala nthawi yaitali akudya zosaphika, ndipo zotsatira zinatuluka mu 1999. Abambo anatsika pafupifupi makilogalamu 10 chiyambireni kadyedweko, amayi pafupifupi 12. Mwa amayi osakwana zaka 45, pafupifupi atatu mwa khumi aliwonse msambo wawo unasokonekera kapena kusiyiratu, ndipo vutoli linkakula pamene gawo la zosaphika linkakula. Awa anali anthu a dziko lolemera, okhala ndi sitolo zodzaza zipatso chaka chonse.

Kuphika kumatsegula chakudya. Sitachi ya mbatata kapena chimanga ikapsa imagayika mosavuta, pomwe yaiwisi gawo lina limadutsa m'matumbo aang'ono osagayika n'kukasanduka mpweya kumunsi. Kafukufuku wa ku Belgium wa mu 1998 anapeza kuti thupi limatenga pafupifupi magawo 91 pa 100 a mapulotini a dzira lophika, koma pafupifupi 51 okha a dzira laliwisi. Richard Wrangham wa ku Harvard anamanga ganizo lake lonse pa mfundo yotereyi, kuti matumbo ndi mano a munthu anachepa chifukwa makolo akale anayamba kuphika. Tanthauzo lake kwa ife n'lakuti manambala a a Nabanda aja ndi denga. Zimene zikulowadi m'thupi zikhoza kuchepera pamenepo.

Kondwani:
Ndamva. Nanga mapulotiniwo, bwanji osangoviika nyemba kapena soya n'kudya zitafewa? N'zotchipa kuposa mtedza.

Mayi a Dalitso:
Ayi ndithu a Kondwani. Nyemba zaziwisi, makamaka zofiira, zili ndi poizoni wotchedwa phytohaemagglutinin. Nyemba zinayi kapena zisanu zoviika chabe zimakwana kuyambitsa kusanza kwambiri ndi kutsekula m'mimba pakangopita ola limodzi mpaka atatu. Kuviika sikumuchotsa yense, kufunditsa sikuthandiza. Zimafunika kubwata kwenikweni kwa mphindi zosachepera 10, kenako n'kupitiriza kuphika mpaka zipse. Soya wosaphika ali ndi zinthu zotsekereza kugaya mapulotini, ndiye mungadye koma osapindula, mimba n'kutupa.

Chinangwa nacho chimakopa anthu a njala chifukwa n'cholemera. Chozizira monga manyokola anthu amatafuna chachiwisi, koma kachidutswa, atasenda khungu lonse. Si chakudya chokhutira tsiku ndi tsiku. Chowawa musachiyese n'komwe. Chili ndi zinthu zotulutsa poizoni wa cyanide, ndipo mu 1981 m'chigawo cha Nampula ku Mozambique anthu oposa 1,000 anapuwala miyendo ndi matenda a konzo atadya chinangwa chowawa chosakonzedwa bwino m'nthawi ya chilala. Kachewere wosaphika, makamaka wobiriwira kapena womera, ayinso.

Pa mtedza, mdani ndi chuku. Thirani mtedza pa lichero pabwalo powala, muusankhe umodziumodzi. Wofota, wosweka, wobooledwa ndi tizilombo, wakuda kapena wa ufa wobiriwira pamzere wapakati, tayani, osapatsa ngakhale nkhuku. Mukatafuna wowawa, lavulani. Pewani wosendedwa atawaza madzi pa makoko kuti afewe, chifukwa chinyezi chimenecho n'chimene chuku chimakonda. Poizoni wa chuku, aflatoxin, amawononga chiwindi ndipo satha ngakhale mutakazinga. Mukafuna kuviika kuti ufewe, maola 8 akwana, tsukani, idyani tsiku lomwelo.

Nachisale:
Pali china chimene chimamveka kwambiri mu Juni ndi Julayi: munthu sakufuna chakudya chakutichakuti, akungofuna chotentha. Phala, tiyi, msuzi, chilichonse cha nthunzi. Imeneyi tiiike kuti?

Mbewe:
Yambani mwaiyesa ngati njala. Thupi likamaperewera chakudya kwa masabata limachepetsa moto wake, ndipo manja ndi mapazi zimazizira ngakhale anzanu atavula majuzi. Komanso m'miyezi imeneyi mango kulibe, ndiye makalori amene ankachokera ku mango mu Disembala asowa popanda munthu kuzindikira. Werenganinso masiku atatu nyengo ikasintha. Ngati chakudya chikukwana, ndiye ndi kuzizira basi. Odya zosaphika ambiri amaika malire awo pakati pa madigiri 42 ndi 48, choncho zipatso zisachokere mufiriji, msuzi wa tomato ndi peyala wopera mukhoza kuufunditsa poika mbale yake m'madzi otentha mpaka ufike pofunda ngati madzi osambitsa mwana, ndipo madzi otentha a ndimu kapena jinja saphwanya lamulo la aliyense. Kunena zoona, mbale imodzi ya nyemba zophika kapena mbatata yowiritsa madzulo imathetsa mavuto ambiri amene takambirana pano, ndipo palibe umboni woti kudya zosaphika 100 pa 100 kumaposa kudya zipatso ndi masamba ambiri pamodzi ndi zophika.

Tiyamike:
Tulonso musatiiwale. Ku yunivesite ya Chicago mu 2004 anagoneka anyamata maola 4 okha usiku uliwonse kwa masiku awiri. Leptin, homoni youza ubongo kuti nkhokwe zilipo, inatsika ndi 18 pa 100, ghrelin inakwera ndi 28 pa 100, ndipo ankalakalaka makamaka zotsekemera, zamchere ndi za ufa. Choncho pa pepala lolembapo zakudya lija, lembaniponso maola amene mwagona. Tsiku lotsatira usiku wa maliro kapena wa shifiti si tsiku loweruzira kadyedwe.

Nabanda:
Pali mbali ina yoopsa imene sitinaitchule, pamene njala yasiya kumveka. Anthu ena akakhala miyezi pa chakudya chochepa amati njala inatha, thupi layera. Musadalire zimenezo, dalirani sikelo ndi kalendala. Dziyezeni kamodzi pa sabata, m'mawa, musanadye, pa sikelo imodzimodzi. Gawani makilogalamu anu ndi msinkhu wanu m'mamita, kenako yankho lake muligawenso ndi msinkhu womwewo. Wa makilogalamu 50 ndi mamita 1.65 amapeza 18.4, ndipo pansi pa 18.5 ndi kuonda kopitirira. Msambo ukasowa miyezi itatu popanda mimba, tsitsi likamathothoka m'chipeso, zilonda zikamachedwa kupola, kapena mano akayamba kuwawa ndi madzi ozizira chifukwa cha asidi wa zipatso, bwererani ku zophika ndipo kaonaneni ndi a chipatala.

Kondwani:
Ndiye vitamini B12 ali ndi chilakolako chake chomuchenjeza munthu?

Mwale:
Alibe, ndipo vuto lake lagona pamenepo. Chiwindi chimasunga wokwanira zaka zingapo, ndiye munthu amamva bwino chaka choyamba ndi chachiwiri. Kenako dzanzi ndi kubayabaya m'mapazi ndi m'manja, lilime lofiira losalala, kuiwalaiwala, kuyenda modzandira mumdima, ndipo mitsempha ikawonongeka kwa nthawi yaitali siibwerera yonse. Munthu wamkulu amafuna mamayikulogalamu 2.4 patsiku, ndipo palibe chipatso, tsamba kapena nthanga yodalirika pa zimenezi. Ndere za spirulina ndi masamba osatsuka, zimene ena amati zili ndi B12, si yankho, ndipo kusatsukako kumangoitana kolera ndi njoka za m'mimba. Amene sakudya nyama, nsomba, mazira kapena mkaka amwe mapiritsi a B12 otchedwa cyanocobalamin kuyambira sabata yoyamba. Bungwe la Vegan Society la ku Britain limalangiza mamayikulogalamu osachepera 10 tsiku lililonse, kapena 2,000 kamodzi pa sabata. Mlingo wa pa sabata ukuoneka waukulu chifukwa thupi limangotengako kagawo kakang'ono pa nthawi imodzi. Amene dzanzi layamba kale asagule mapiritsi n'kukhala pansi, akayezetse, chifukwa ena amafunika jakisoni.